Nkhuku ya adokotala a pakompyuta

Mwaswera, abale? Imvani za lero kuno ku Mzimba boma.

Ankhazi a ku Edingeni, azakhali athu omwe aja akhala akukana chipatala chiyambire Isitala, atulukira m'mawa ndi nkhuku kukhwapa. Akuti ndi ya "adokotala athu", kunena Tiwonge wathuyu.

Tiwonge wayesa kufotokoza kuti: "Ankhazi, sindine dokotala. Ndikuphunzira kumvetsera mawu amene madokotala ajambula, n'kumawalemba pakompyuta, basi."

Iwo akuti, "Mbwenu lemba anga."

Ayankhula ola lathunthu, mwana akungotayipa osaphonya liwu, monga amawaphunzitsira. Zalowamo zonse: mwendo wotupa, kusowa tulo, mpaka ng'ombe ya aneba yowadyera chimanga.

Kenako wawawerengera ngati lipoti: "Mayi wachikulire, mwendo wakumanzere unayamba kutupa pa Isitala, nsapato sikulowanso."

Ankhazi amvetsera mpaka kumapeto. Kenako akuti, "Munthu ameneyu akudwala chomene. Abale ake ali kuti?"

Azindikira kuti munthuyo ndi iwo omwe, ndipo panopa ali pamzere kuchipatala, pepala lili m'manja. Ife tawanyengerera miyezi inayi osatheka!

Ndiye weruzani: nkhukuyi adye Tiwonge yekha, kapena nafe abale osasamalafe tilaweko?