Zikhadabo Zanga ku Senga Bay

Mkazi wanga. Tulo. Nambala ya foni ya bambo amene ankatibweretsera makala. Chivindikiro cha poto wamkulu, chimene chinasowa pamaliro. Wondiwenga zikhadabo za kumapazi.

Pa zonse zimene ndinataya, chomalizachi ndi chimene chinandilondola mpaka ku Senga Bay.

Ndimaphunzitsa pa koleji ina ya zaumoyo. Chaka chimene ndinaferedwa kunali msonkhano wa akatswiri a matenda a mapazi pa loji ina kunyanjako, ndipo aphunzitsi tinapita ndi ophunzira a chaka chomaliza. Amene anandisankha ndi mkulu wa dipatimenti yathu, mayi wosadziwa kunong'ona ngakhale m'tchalitchi.

"Mukapitidweko mphepo," anatero. "Mukalankhulenso za lezala zija."

Phunziro la lezala ndi langa. Limati munthu asamawenge zikhadabo ndi lezala, makamaka wodwala shuga, chifukwa kabala kakang'ono kangadulitse mwendo. Ndimaliphunzitsa bwino, ndi zithunzi zomwe. Chimene ophunzira sankadziwa n'chakuti Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, mkazi wanga ankandikhazika pakhonde, mapazi m'beseni, n'kutulutsa lezala. Anakulira kwa Maganga, ndipo ankati kachida kowengera ka m'sitolo kaja anapangira mbeta ndi amuna osakwatira.

"Zimenezo mukalalikire ku koleji," ankatero. "Pano bweretsani phazi."

Chimwalirireni iye sindinazikhudze zikhadabozo. Anatisiya mvula itangoyamba kumene, msonkhano unachitika dzuwa litabwereranso. Nsapato zitayamba kuthina ndinakagula zina zokulirapo pa kaunjika. Sokosi zitayamba kubooka kutsogolo ndinayamba kuvala ziwiriziwiri. Ndine munthu wophunzira, sindisowa njira.

Tsiku loyamba linayenda bwino. Ndinadzudzula lezala, anthu anaomba m'manja, dokotala wina wa imvi anandigwira chanza. Tsiku lachiwiri tikumwa tiyi, wotsogolera msonkhano analengeza kuti ophunzira ayeserere kupima mapazi. Odwala kunalibe. Choncho aphunzitsi tonse tivule nsapato.

M'holo monse anthu a mataye anayamba kuyang'ana pansi pa matebulo. Dokotala wa imvi uja anatuluka foni ili kukhutu, ngakhale palibe anaimva ikulira. Mkulu wathu anavula zake kalekale, n'kusanjika miyendo pampando, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mukudikira chiyani?" anandifunsa. "Mapazi tonse tili nawo."

Wondipima anali mtsikana wa m'kalasi langa, amene amalemba chilichonse chimene ndanena, mwina ndi kutsokomola komwe. Anavala magolovesi n'kugwada. Ndinavula nsapato, kenako sokosi zapamwamba, kenako zamkati.

Anayang'ana kwa nthawi. Ndinawaphunzitsa ndine kuti wodwala asamaone kudabwa pankhope yako, ndipo kunena zoona anayesetsa.

"Aphunzitsi, ndikufunseni ngati aphunzitsi kapena ngati wodwala?"

"Ngati wodwala."

"Bambo, kumunda mumalima ndi khasu kapena ndi zimenezi?"

Mnzake wapambali anabisa nkhope m'kope. Mkulu wathu anasuzumira.

"Koma abale. Amenewa tiwaonetse pa purojekita."

Ndinaseka nawo pang'ono. Mtsikanayo anapitiriza mwadongosolo: anagwira mitsempha, anasuzumira pakati pa zala, anandigwaza ndi kaulusi kolimba n'kumafunsa ngati ndikumva. Kenako anafika pa funso limene ndimawakakamiza kuti asamaliiwale.

"Kunyumba amakusamalirani mapazi ndani?"

Anakumbukira funso litatuluka kale. Anali m'gulu la ophunzira amene anadzaimba pamaliro.

"Analipo," ndinatero.

Sanapepese, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza. Anangodina chala chachikulu chakumanja. Ndinadumpha.

"Chikhadabo ichi chalowa m'mnofu, chala chayamba kutupa. Ndikakusiyani chonchi, inu nomwe mundilepheretsa mayeso. Ndiwenge?"

Ndinali ndi chifukwa chokanira, koma sichinali chifukwa chonenera m'holo muli anthu opanda nsapato. Ndinauzidwa kuti ndidikire, ndipo ndinali kudikirabe. Ndinayang'ana chala chofiiracho. Chinkafanana ndi chithunzi chimene ndinaonetsa dzulo lake.

"Wengani."

Anatenga chopanira chachitsulo cha kuchipatala. Chidutswa choyamba chinauluka n'kukagwera m'sosala ya mkulu wathu. Iwo anachikankhira kumbali ndi supuni n'kupitiriza kumwa tiyi, osanena kanthu, zimene zinali zisanachitikepo. Ine ndinayang'ana fani ya kudenga mpaka ntchito yonse inatha.

"Amene ankakuwengani ankadziwa," anatero mtsikanayo akuvula magolovesi. "Ankagwiritsa ntchito chiyani?"

"Chida chovomerezeka."

Analemba m'kope.

Popita kukadya, nsapato zija zinali zitakula. Zinkavuka ndikangoponda mumchenga, mpaka ndinazinyamula m'manja. Mchenga unkaotcha, ndipo ndinayenda chodumphadumpha, taye ili m'khosi, ophunzira akundipatsa njira mwaulemu.

Tsiku lomaliza limene mkazi wanga anatha kulankhula, ndinapita kuchipatala nditavala patapata. M'minibasi ndinakonza zambiri zoti ndikamuuze. Nditaima pambali pa bedi, iye anayang'ana pansi, pa mapazi anga.

"Zakulatu izo," anatero. "Musazikhudze, mumadzicheka inu. Ndidzakuwengani ndikatuluka."