Buku Lathu la S ndi T

Sukulu yathu ya ku Uliwa inapambana mpikisano wa mafunso wa boma lonse la Karonga ndi liwu limodzi: Trinakriya. Ili ndi dzina lomwe chilumba cha Sisile, cha m'nyanja ya Mediteraniyani, chinkadziwika nalo pamene chinkalamulidwa ndi mafumu ochokera ku Aragoni, dera la ku Sipeni.

Ndinalowa uphunzitsi nditasiya utolankhani, ndipo kalabu ya mafunso inagwera ine chifukwa anzanga onse anaikana. Sukuluyi inali itagonja zaka zitatu zotsatizana. Ahedi anandiuza mosabisa kuti tikagonjanso kalabu itha, ana azikasewera mpira.

Mu laibulale yathu munali buku limodzi lokha la insaikulopediya, la mitu yoyamba ndi S ndi T. Mabuku onse a zilembo zina anasowa kalekale. Ana ndinawapatsa lamulo lomwe ndinachoka nalo ku nyuzipepala: usanene chinthu ngati sukudziwa pomwe unachiwerenga. Mtsikana wina wa Fomu 3, mwana wa msodzi wa ku Ngara, anagwira lamulolo ndi manja awiri. Bukulo analiwerenga lonse osadumpha tsamba. Anzake ankamuseka: "Iwe, akakufunsa za Malawi udzati pa M sitinafike?"

Tsiku la mpikisano tinafika pa funso lomaliza tili ndi mapointi ofanana ndi sukulu ina ya pa Boma, yomwe ili ndi makompyuta. Funso la chilumbalo linayambira kwa iwo. Anati Malta. Analakwa, funso linabwera kwa ife.

Mtsikanayo anaimirira, maso pansi monga amachitira pamaso pa akulu. "Trinakriya."

Wofunsa mafunso, bambo wa tayi wa ku Zomba, anayang'ana pepala lake, kenako anayang'ana mwanayo. "Mwana iwe, wangoponya kapena ukudziwadi?"

"Ndikudziwa, bambo. Zili pa mutu wa Sisile, tsamba la kumanzere, pamwamba pa pomwe panadya chiswe."

Holo yonse inafa ndi phwete, m'manja mukuwombedwa. Ahedi, omwe anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, anafika kutsogolo chikho chisanatuluke n'komwe m'katoni. Mu minibasi yobwerera ku Uliwa anachinyamula okha pamiyendo, ndipo za mpira sanazitchulenso.

Mwezi wamawa tikupita ku Mzuzu kukakumana ndi akatswiri a maboma ena a kumpoto. Ahedi alembera kale masukulu oyandikana nafe, kufunsa ngati pali amene akusunga buku la M.