Atambala a Dona

Ndikakumbukira agogo aamuna, sindimva fungo la tiyi wa ku esiteti kumene anapumira ntchito ayi. Ndimamva zitosi, gaga wonyowa ndi utsi wa masamba a bulugama omwe ankafukiza m'khola pothamangitsa utitiri kuti usalume Dona.

Dona anali nkhuku. Anakamugula kutsidya kwa Muloza, nabwera naye kwathu ku Milonde ali m'dengu pakaliyala ya njinga, agogo aakazi akuyenda pansi. Ndinaona ndi maso angawa. Mazira ake anali abuluu ngati thambo mvula itangokata, moti anthu ankasamba kaye pobwera kudzawaona.

Koma kudya? "Ili si ndiwo, ndi mbewu," ankatero agogo. Ankafuna msoti woti upitirize mtundu, poti Dona anabwera atakula kale. Tsono Donayo sankafungatira. Ankangoikira n'kunyamuka ngati bwana wasayina kalata, mazira n'kukalowa pansi pa nkhuku ya agogo aakazi.

Ulendo woyamba anapiye asanu, onse atambala. Wachiwiri, atambala. Wachitatu, atambala. Ndikulumbira, pakhomo pathu kunkacha kasanu ndi kawiri m'mawa umodzi.

"Bambo a Joni, tikazingeko dzira limodzi lokha, ana alaweko," anapempha agogo aakazi tsiku lina.

"Nanga likakhala lomwelo la msoti? Mukalitenga m'mimba mwa yani?"

Atambala aja ankawagawa mokwiya, wina kwa Mayi a Esinati oyandikana nafe, ena kwa aliyense wodutsa pamsewu. "Tengani, n'zaphokoso chabe izi." Dona anafa ndi ukalamba nyengo ya nandolo osasiya msoti. Agogo anamukwirira paseri pa nthochi, ndiye kuti ngakhale msuzi wake sitinauone.

Patapita miyezi, Mayi a Esinati anatulukira ndi kambale kovundikira.

"Agogo, taonani malodza awa. Msoti wanga ukuikira obiriwira!"

Unali mwana wa tambala uja. Sabata isanathe, nkhani yomweyo inamveka nyumba zina zinayi. Mbewu imene agogo ankaisaka mwa msoti anali ataigawa okha ndi manja awiri. Mudzi wonse unkakazinga mazira amitundu, kupatula ife eni ake.

"Ndabweretsera anawa, adyeko," anatero mayi aja.

Ine malovu anali atafika kale pachibwano. Agogo ananyamula dzira limodzi, naliyang'anitsitsa padzuwa ngati akuwerenga nyuzi, kenako anatembenukira kwa agogo aakazi.

"Anaphiri, nkhuku yanu ija yayamba kufungatira?"

Lero ndili ndi khola langa ku Nkando, la zidzukulu za Dona zokhazokha, ndipo tambala sindipatsa munthu. Dzana mwana wanga wamkazi anatola dzira lobiriwira n'kufunsa ngati angakazinge. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, Mulungu ndi mboni. Koma amene anayankha m'kamwa mwangamo ndi agogo.