Njoka ya atsibweni ndi njoka yanga

Ndikukumbukira kuti tsiku limene ndinagwira kompyuta koyamba, zala zanga zinali zokandikakandika ndi minga ya masau. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu kumudzi, kumtunda kwa boma la Nsanje. Amayi anali ataoloka kupita kumaliro ku Mozambiki, ndipo ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Zuze, anatisiya m'manja mwa atsibweni, mlongo wawo wa amayiwo.

M'mawa umenewo tinapita kukatola masau kuseri kwa khola la mbuzi. Zuze, pokhala mwana wosamva, anasiya ogwa pansi n'kupisa dzanja m'nthambi. Apo ndinaona kanthambi kena kakusuntha. Kanali kotuwa, kowonda ngati chala changa, kamawangamawanga ngati khungwa louma. Kanafufuma pakhosi, kanatulutsa lilime lofiira, kenaka kanamugwira Zuze m'mbali mwa dzanja. Sikanangojompha n'kusiya ayi, kanakakamira mpaka iye atakutumula mkono. Atsibweni anafika akuthamanga ndi ndodo, koma anangoona mutu ukulowa m'masamba.

"Namasamba ameneyo," anatero. "Mutu wobiriwira. Alibe ululu, amangoopseza ana."

Atsibweni ndiwo ankaitanidwa mudzi wonse njoka ikalowa m'nyumba. Ndiye ine, kamtsikana ka Sitandade 5, ndikanati chiyani? Kwathu mwana sawongola mawu a munthu wamkulu, makamaka pa zinthu za kutchire. Ndinameza mawu anga. Mwayi wake, atsibweni sankaopa njoka koma ankaopa amayi. "Mayi wanu angandidye wamoyo akamva kuti sindinapite naye kuchipatala," anatero akupopa njinga.

Pachipatala chathu chaching'ono tinapeza anesi ali okha, thukuta lili kamukamu. M'chipinda china munali mayi amene zinthu zinamuvuta pobereka, ndipo ambulansi yochokera kuboma inali itaima panja kumudikirira. Anesi anatembenuza dzanja la Zuze uku ndi uku. Panali timabala tating'ono basi, osatupa n'komwe, mwini wake akudya masau ndi dzanja linalo. Atsibweni anafotokoza za namasamba. Anesi anamvetsera, kenaka anayang'ana ine.

"Nanga iwe unaliko?"

Ndinagwedeza mutu, maso ali pansi.

"Unaona yobiriwira?"

Anandiyang'anitsitsa pang'ono, n'kundigwira pamkono kulowa nane mu ofesi. Patebulo panali laputopu, m'mbali mwake mutabayidwa kachipangizo kothwanima kamene kankakoka intaneti.

"Ine ndinakulira m'tauni, njoka sindizidziwa," anatero akutsegula. "Ichi chimatchedwa bulawuza, ndi khomo lolowera pa intaneti. Tamvetsera, nthawi ndilibe. M'kabokosi kakatali pamwambapa ndi molemba chimene ukufuna, ukatha udine batani lalikulu ili. Kamuvi koloza kumanzereka n'kobwerera kumene wachokera. Kamtanda aka kamatsegula tsamba lina latsopano, loyambalo osachoka. Ukaona kagudumu kakuzungulira, dikira, usadine chilichonse."

Analemba m'kabokosimo mawu achingerezi otanthauza njoka yobiriwira, n'kundiika dzanja pa mausi. Atafika pakhomo anacheuka. "Ambulansi ikapita sibweranso lero. Ngati njoka ndi imene akunena bambowa, muzipita kwanu. Ngati si imeneyo, ndidziwe galimoto isanatuluke pageti."

Ananditsekera ndekha ndi chinthu chimene mtengo wake unkaposa mbuzi zonse za m'khola mwathu.

Kagudumu kankazungulira, tsamba lili mbee. Ndinadikira, ndipo mtima utandithawa ndinadina. Kanayambiranso. Ndinadinanso, kanayambiranso. Chinthu chija chinalibe chisoni, ukachifulumiza chimabwerera poyambira ngati bulu wokwiya. Nditachileka, zithunzi zinayamba kutsika pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Njoka zobiriwira zokhazokha. Ndinafuna kuona zapansi, koma ndinaphonya n'kudina pena pake, ndipo njoka zonse zinasowa. Panabwera tsamba lodzaza Chingerezi, pambali pali mzungu akumwetulira ndi nsapato m'manja. Ndinati basi, ndaononga katundu wa boma, andimanga, ndipo Zuze afa. Misozi ili m'maso ndinakumbukira kamuvi kakumanzere. Nditakadina, njoka zija zinabwerera zonse, iliyonse pamalo pake. Chibadwire sindinasangalalepo chotere poona njoka.

Ndinaphunzira kutsitsa tsamba ndi kagudumu ka pa mausi. Ndinatsitsa, ndinatsitsa. Zina zazitali, zina zonenepa, zina zitadzipiringiza pamtengo, koma yanga panalibe. Kuseri kwa khoma mayi uja ankabuula. Pawindo ndinkamva Zuze akuseka ndi dalaivala wa ambulansi, ndipo kuseka kumeneko kunkandiopsa kuposa kubuula kuja, chifukwa aliyense womumva akanati mwanayu ali bwino.

Chitseko chinatseguka, atsibweni analowa n'kuima kumbuyo kwanga.

"Si ameneyu?" anatero akuloza ndi chala. "Namasamba weniweni. Tiye, Malita, mbuzi zikadali m'khola."

Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Kukanakhala kosavuta. Koma nditakweza maso ndinaona mawu aja ali m'kabokosi, ndipo pamenepo ndi pamene mutu unatseguka. Chinthuchi chinkandionetsa zobiriwira chifukwa chinafunsidwa zobiriwira. Ndikanatsitsa mpaka dzuwa kulowa, sichikanasintha maganizo. Kuti ndipeze njoka yanga ndinayenera kulemba mawu anga.

Tsono mawu amene anali m'kabokosiwo, ngakhale analemba ndi anesi, anali a atsibweni. Kuwafufuta mwini wake ali chilili kumbuyo kwanga kunali chimodzimodzi kuwauza kuti mwanama. Chala changa chinakana. Panja ndinamva mawilo a bedi lokankha akukhuluza simenti, kenaka zitseko za galimoto zikutsegulidwa.

Ndinadina kamtanda kaja.

Panatseguka tsamba loyera, kabokosi kake kali kopanda kanthu. Pamwamba, tsamba la atsibweni linali likadalipo, litangosendera pambali. Ndinayamba kusaka zilembo ndi chala chimodzi. Amene anayala zilembo za pakompyuta sanapiteko ku Sitandade 1, chifukwa A ali uku, B ali kutsidya. Ndinalemba mawu awiri achingerezi amene ndinkawadziwa, lotanthauza kamtengo ndi lotanthauza njoka, n'kudina batani lalikulu lija.

Kagudumu kanayamba kuzungulira. Injini ya ambulansi inalira. Manja anga ndinawakhalira, onse awiri, kuti asandipereke.

"Ukuchita chiyani iwe?" anafunsa atsibweni. "Pya anthu ipi, n'za eni ake izi, usaononge."

Zoyamba kutuluka zinali ndodo zoyendera zosemedwa ngati njoka. Ndinamva atsibweni akutulutsa mpweya m'mphuno. Ndinatsitsa. Zidole za ana. Ndinatsitsanso. Ndipo chakumunsi, pakona, kanali kali pomwepo pa nthambi youma, kotuwa, khosi lofufuma, lilime lofiira lili panja. Ndinakadina kamodzi kokha n'kudikira mpaka chithunzi chitadzaza galasi lonse.

Ndinadina tsamba loyamba, panabwera namasamba. Ndinadina lachiwiri, panabwera inayo.

"Tabwerera," anatero atsibweni. Ndinabwerera. "Pita ku inayo." Ndinapita. Anawerama mpaka ndinamva fungo la fodya ndi mbuzi pa malaya awo. Njoka yotuwayo, pamwamba penipeni pa mutu wake, inali yobiriwira.

"Nalikukuti," ananong'ona.

Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga chotero. Anagunda mpando, anatuluka akukuwa m'Chisena, "Dikhirani! Dikhirani!" Ambulansi inali itafika kale pageti, mlonda atagwira chitseko. Anesi anabwera akupukuta m'manja, anawerenga mawu amene anali pansi pa chithunzicho, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Iyi situpitsa," anatero. "Imaononga magazi, ndipo zimadzaoneka mochedwa. Mwana akwere."

Zuze anakwera akukondwa, poti kanali koyamba kukwera galimoto ya sairini. Mawa lake, ali m'chipatala cha paboma, nkhama zake zinayamba kutuluka magazi, ndipo pamene anamubaya jakisoni sipankauma. Atati pakufunika magazi, atsibweni ndiwo anali oyamba kupinda mkono wa malaya. Anagona pakhonde la chipatala mpaka tsiku limene Zuze anatuluka. Lero Zuze ndi bambo wa ana awiri, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo kusamva sanasiye.

Atsibweni sanandiuzepo kuti ndinalondola. Akamasimba nkhaniyi pa bawo ankati, "Tinakaipeza pa kompyuta," ngati kuti mausi tinagwirira limodzi. Zinkandiwawa, ndisabise. Ndinkafuna anthu adziwe kuti ndinali ine.

Pano ndakula, ndipo bulawuza ndimatsegula tsiku ndi tsiku kuntchito, osaganizira n'komwe. Ndinazindikira kuti chinthuchi sichidziwa zimene maso ako anaona. Chimayankha funso limene wachipatsa, ndipo ukachifunsa ndi mawu a munthu wina chimakupatsa yankho la munthu winayo. Zimenezo ndinazimvetsa msanga. Zimene zanditengera zaka ndi za kamtanda kaja. Kwa nthawi yaitali ndinkakuyesa mantha kulephera kwanga kufufuta mawu a atsibweni, ndipo mwina analidi mantha. Koma atsibweni ndinkawadziwa bwino. Anasintha maganizo chifukwa njoka yawo inali ikadali pamalo pake, palibe anawalanda, ndipo inayo anaitchula dzina ndi pakamwa pawo. Ndikanaifufuta iwo akuona, akanaiikira kumbuyo mpaka fumbi la ambulansi litatha mumsewu, ndipo ife tikanakwera njinga n'kubwerera naye Zuze kunyumba.