Chingwe cha pa Mango

Dzulo msana utandigwira, ndinagwira pamwamba pa chitseko n'kudzikoka mpaka mapewa analira. Pomwepo ndinakumbukira chingwe cha atate ku Kalingalinga.

Inali nthawi imene makampani ankagulitsidwa. Atate atachotsedwa ntchito anayamba kupala matabwa pakhomo, tsiku lonse ali chiweramire. Mwezi womwewo bambo wina woyandikana nafe, amene anachotsedwa nawo limodzi, anapezeka atadzimangirira.

M'mawa wina ndinaona atate akumanga chingwe kunthambi ya mango. Anachigwira ndi manja awiri n'kulendewera, atatsinzina, akubuula. Ndinaganiza kuti akuyeserera kudzimangirira. Kusukulu sindinamve kalikonse, ndipo pa nthawi yopuma ndinathamangira kunyumba kukaona ngati akadali moyo. Ndinawapeza akupala thabwa, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

Tsiku lachitatu ndinadula chingwecho ndi sowo yawo n'kuchiponya m'chimbudzi.

"Nindani wachosa chingwe changa?" anafunsa m'mawa mwake.

"Ndine," ndinayankha ndikulira. "Musafe, batate."

Atate anatenga dzanja langa n'kuliika pamsana pawo. Panali gwa ngati thabwa.

"Iwe, ni musana chabe. Nikaleka kuukoka, siningaweramenso pa benchi. Muzadya chani?"

Koma sanamangenso chingwe china. Kuyambira tsiku limenelo ankadzikoka pachitseko chathu chachifupi, atapinda mawondo, ine ndikuwaona.

Dzulo ndi pamene ndinadziwa kuti chitseko sichiwongola msana ngati chingwe. Iwo sanandiuzepo.