Tsiku Limene Kamphepo Anakhala Pansi

Kamphepo anali atagwira ntchito pa lesitilanti zaka ziwiri ndi miyezi itatu, koma pa nthawi yonseyo anali asanadyepo chakudya chotentha ngakhale kamodzi. Musaseke, ndi zoona. Mtsikanayu ankanyamula mbale zofuka nthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nkhuku yokazinga ikumununkhira pansi pa mphuno penipeni, koma mbale yakeyake ankaipeza itazizira, mafuta atagwirana mbee pamwamba pa msuzi.

Dzina lakelo anamupatsa ndi akhukhi, bambo wamimba yaikulu amene ankaphika pa lesitilantipo. Iwo ankati mtsikanayo akadutsa ndi thileyi, timapepala ta maoda tomata pakhoma tinkachita kuuluka. Pakati pa khitchini ndi chipinda chodyeramo panali kawindo, ndipo pakawindopo panali kabelu. Chakudya chikapsa, akhukhi ankakamenya ndi supuni, ngii! Apo miyendo ya Kamphepo inkanyamuka yokha, mutu n'kumatsatira pambuyo.

Nthawi yake yodya inali cha m'ma 3 koloko masana, makasitomala akachepa. Ankakhala pa kireti yozondotsa kuseri kwa filiji, akhukhi n'kumuikira mpunga ndi phiko la nkhuku. Akangokweza supuni kuti ilowe m'kamwa, ngii! Wina walowa, akufuna tiyi. Pobwera, akweze kachiwiri, ngii! Wa tiyi uja akuti shuga wachepa. Pofika kachitatu ntchentche inali itayamba kale kudalitsa chakudyacho.

Koma musaganize kuti Kamphepo anali munthu wodandaula. Ayi ndithu, anali ndi tizinthu take tomusangalatsa. Ankakonda tizinyenyeswa touma ta tchipisi totsalira pansi pa sefa, timene akhukhi ankamusungira m'kapu yothyoka chogwirira. Ankakonda kuvula nsapato n'kuponda simenti yozizira ya pafupi ndi filiji, zala za kumapazi zikuyasamula. Ankakonda kudzaza timabotolo ta mchere m'mawa kusanabwere anthu, wailesi ikuimba, iye akugwedeza chiuno pang'ono poganiza kuti palibe akumuona. Makasitomala onse anawapatsa mayina mumtima mwake. Panali a Sinthani-foloko, mayi amene foloko iliyonse ankaiyang'anitsitsa ngati akuipima matenda. Panalinso a Ndangolawa, bambo amene ankamaliza mbale yonse psiti, kenako n'kunena kuti nyama inali yolimba.

Chimene ankachilakalaka chinali chimodzi chokha, ndipo chinkamupweteka mumtima zenizeni. Ankafuna tsiku lina akhale pampando wotsamira, munthu wina abwere adzamufunse kuti, "Mudya chiyani, mayi?" iye ayankhe mosafulumira kuti, "Tipatseni kaye mphindi ziwiri." Mawu amenewa ankawamva tsiku ndi tsiku kwa makasitomala, ndipo ankawayeserera pagalasi la kuchimbudzi, chibwano chili m'mwamba. Akatero adye chakudya chikadali chotentha, kuchokera supuni yoyamba mpaka yomaliza, osanyamuka.

Tsiku lina anaulula zimenezi kukhitchini. Akhukhi anaseka mpaka kugwira m'mphepete mwa sinki.

"Iweyo? Kukhala pansi? Iwe mwana, ngakhale atakumata ndi guluu, mpandowo uthamanga nawo."

"Muona, akhukhi. Lolemba lino ndili pa ofu. Ndikutenga amayi anga, tikadye kwina ngati anthu."

"Bwerani konkuno, ndikuphikireni."

"Kuno ayi! Ndingolowa pakhomo mundipatsa thileyi."

Amayi ake a Kamphepo anali telala, ankasoka pakhonde la nyumba yawo. Matenda a mwana wawowa ankawadziwa bwino. Kunyumba komweko Kamphepo ankadya chiimire, maso ali kukhomo ngati wakuba. Tsiku lina njinga ya wogulitsa buledi italiza belu pamsewu, iye anadzambatuka n'kulanda mbale ya mng'ono wake amene anali asanathe n'komwe kudya. Choncho atawauza za ulendowo, amayiwo sanafunse zambiri. Anangomusokera diresi latsopano lobiriwira, lalitali mpaka m'miyendo, n'kunena kuti munthu wokadyera patebulo savala zothamangira.

Lolemba masana anakwera basi mpaka mbali ina ya tauni, kumene kunalibe womudziwa. Lesitilanti yake inali yaudongo, ya matebulo khumi, makatani oyera. Zinthu zinayamba kupotoka pakhomo pomwe. Kamphepo anatsegulira amayi ake chitseko, ndipo poona banja lina likubwera pambuyo pawo, anagwirabe chitsekocho n'kuwerama pang'ono.

"Takulandirani, lowani. Muli angati?"

"Iwe!" amayi ake anamukoka dzanja. "Ndi kwanu kuno?"

Atafika patebulo la pawindo, anawakokera amayi ake mpando, iye n'kuima pambali, manja kumbuyo.

"Khala pansi."

Anakhala, koma chakumapeto kwenikweni kwa mpando, mwendo umodzi uli kunja. Tebulolo linkagwedera. Asanaganize n'komwe anali atagwada kale, akupinda kapepala n'kukalowetsa pansi pa mwendo wa tebulo. Podzuka anapukuta mafoloko awo ndi tishu, n'kugwedeza kabotolo ka mchere kuti amve ngati muli kanthu.

"Ndati khala pansi, ukundichititsa chizungulire," anatero amayi ake.

Kenako panatulukira woperekera zakudya wa pamenepo. Anali bambo wamtali, wowonda, wa imvi za apo ndi apo, woyenda ngati akuopa kudzutsa khanda. Anaika menyu patebulo.

"Mudya chiyani, amayi?"

Nthawi ija inali itakwana. Kamphepo anatsamira kumpando, anakweza chibwano, nanena momveka bwino:

"Tipatseni kaye mphindi ziwiri."

Koma inu, kukoma kwake! Anamva ngati wakula msinkhu. Bamboyo anangoti, "Chabwino," n'kuchoka. Mphindi ziwiri zinatha. Zisanu. Khumi. Bamboyo anali ataima pakauntala akutokosa m'mano, akuonera mpira pa TV. Pofika mphindi makumi awiri mimba ya amayi ake inali ikulira momveka.

"Mphindi zako ziwiri zija n'zazitali bwanji," anatero amayiwo.

"Kwathu zimenezi akhukhi angakuponyere chikombe," anang'ung'udza Kamphepo.

Bamboyo atabwera, Kamphepo anaitanitsa nkhuku ndi tchipisi mbale ziwiri. Nthawi imeneyo n'kuti anthu atayamba kudzaza, ofuna nkhomaliro ochokera m'maofesi apafupi. Kamphepo anayesetsa kuyang'ana panja. Anayesa kuwerenga magalimoto. Koma khutu lake linkamva zonse: uyo wagwetsa supuni, awo akhala nthawi yaitali opanda madzi, mwana uyo atayira juwisi posachedwa.

Ndiye kukhitchini kunamveka, ngii!

Abale, kabelu kake kanali kofanana ndendende ndi ka akhukhi. Amayi ake anangoona mpando uli wokha. Kamphepo anali kale pakawindo. Ananyamula mbale zitatu, ziwiri padzanja limodzi ina pamkono, anasuzumira kapepala ka oda, n'kukazitula patebulo lachinayi mosaphonya. Wophika wa kumeneko sanadzutse n'komwe mutu, anangoona kuti mbale zikuchoka msanga lero, ndiye anawonjezera moto. Ngii! Ngii!

"Achemwali, tsabola!"

"Ndikubwera!"

"Asisi, ife tinaitanitsa kalekale."

"Pepani kwambiri, pompano."

Diresi lobiriwira linkangoti uku lapita, uku labwera. Anapukuta juwisi amene mwana uja anatayadi. Anasinthira mayi wina foloko. Anauza bambo wina kuti nsomba yatha, chonsecho sankadziwa ngati pamalopo amaphika nsomba. Anadzazindikira pamene ankafuna kupukuta manja pa epuloni, n'kupeza kuti palibe epuloni, wagwira diresi latsopano ndi manja amafuta. Anaima chilili pakati pa chipinda. Woperekera zakudya uja anamuyandikira mwaulemu wake wonse.

"Zikomo kwambiri, achemwali. Tebulo la pakona lija likufunanso madzi."

Kamphepo anabwerera kumalo kwake manyazi atamugwira mpaka m'makutu. Patebulo panali mbale ziwiri za nkhuku ndi tchipisi. Zinabwera nthawi yanji, iye sanaone. Mwinanso anazibweretsa yekha. Anagwira tchipisi chimodzi. Chinali chozizira, chofota, chogona ngati nyongolotsi. Amayi ake anali asanakhudze mbale yawo, anangopinda manja akumudikira.

Apa kuseka kunatha. Kamphepo anabwezera tchipisi chija m'mbale. Zaka ziwiri akulota tsiku limeneli, diresi amusokera, basi akwera, ndipo mapeto ake ndi omwewo a kuseri kwa filiji.

"Tiyeni tingodya, amayi," anatero ndi mawu otsika. "Ine ndinazolowera. Akhukhi ananena zoona, ineyo si munthu wokhala pansi."

Amayi ake anatembenuka n'kuwomba m'manja kawiri, mwamphamvu moti chipinda chonse chinacheuka. Mayi ameneyu sankakweza mawu ngakhale kasitomala atamubwezera malaya katatu, koma tsiku limenelo anakweza.

"Bambo inu, tabwerani kuno! Mwana wangayu wakugwirirani ntchito matebulo asanu ndi limodzi inu mukuonera mpira. Tengani mbalezi. Mubwere nazo zikufuka utsi, ndipo mubwere nazo inuyo ndi miyendo yanu."

Bamboyo anayang'ana anthu amene ankamuyang'ana, natenga mbale zija. Amayiwo ananyamuka, anakoka mpando wawo mpaka kuugundanitsa ndi wa mwana wawo. Anagwira mpendero wa diresi lobiriwira lija, anauyala pampando wawo, n'kukhalapo ndi thupi lawo lonse. Ndipo sanali mayi wochepa thupi.

"Amayi, mukutani?"

"Ukanyamuka ling'ambika. Ndipo ine sindisokanso, upita kubasi choncho."

Ngii! Thupi la Kamphepo linadumpha lokha, diresi linakoka, iye anabwerera pampando, phi! Ngii! Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mayi wina patebulo loyandikana anakweza dzanja, "Achemwali, tishu." Amayi a Kamphepo anamuyang'ana mayiyo ndi diso limodzi lokha, dzanja lija linatsika lokha.

Kenako kabelu kanaliranso, ndipo pakawindo panaoneka mbale zawo ziwiri, nthunzi ili tolotolo. Woperekera zakudya uja anali kutsidya, akufotokozera kasitomala wina za chigoli chimene chinakanidwa.

"Amayi, zikuzizira! Ndingokatenga, ndi apa pomwepa!"

"Khala."

"Masitepe asanu ndi atatu okha, ndawerenga!"

"Ndati khala. Bambo inu!"

Bamboyo anathamanga. Anthu a pamalopo amati aka kanali koyamba kumuona akuthamanga. Anatula mbale patsogolo pa Kamphepo, mafuta akadali kuthetheka pakhungu la nkhuku, nati, "Mudye bwino, mayi."

Kamphepo sanadikire. Anadya mmene ankadyera masiku onse, mwa munthu wodziwa kuti belu lilira nthawi ina iliyonse. Anabaya tchipisi zisanu nthawi imodzi ndi nthuli ya nkhuku pamwamba, zonse m'kamwa.

Mayo! Maso anatong'oka. Kulavula sakanatha, anthu akuona. Kumeza sakanatha. Anangoyasama akupemerera m'kamwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsika, mapazi akupondaponda pansi. Atameza anagwira mkono wa amayi ake, ali wodabwa zenizeni.

"Amayi, chikuwotcha!"

Amayiwo anaseka mpaka mpando kugwedera, koma pa diresi sanasunthepo.

"Nanga umayesa chimatani? Chakudya chimawotcha, mwanawe. Anthu amayamba auzira."

Kamphepo anayang'ana mbaleyo, misozi ikubwerabe, ndipo tsopano sinali ya kupsa kokha. Anali ataiwaladi. Amayi ake anasiya kuseka. Anamulanda foloko, anabaya tchipisi chimodzi chokha, anachiuzira pang'onopang'ono katatu, anachigunditsa pamlomo wawo kuti amve ngati chapola, n'kuchifikitsa pakamwa pa mwana wawo.

"Yasamula. Palibe akukuthamangitsa."

Kukhitchini kabelu kanalira. Kamphepo anayasamula.