Njinga yanu ndaiona pa Zalewa

Abambo a Tadala, lero ndaiona njinga yanu pa Zalewa, ndipo mpaka pano mkwiyo sunandithere. Achimwene anu aja, amene anaitenga tsiku londisudzula maliro anu atatha, akulumbira kuti aisunga ngati chikumbutso cha m'bale wawo, pano akuichitira kabaza. Pakaliyala pakadali katsamiro kaja munasoka ndi chitenje changa chakale, koma lero panakhala munthu wachilendo atanyamula nkhuku. Atamutsitsa, achimwene anuwo anandiona, n'kundiimbira belu opanda ndi manyazi omwe. Akuti, "Alamu, kwerani, inu ndikuchotserani mtengo." Ine eti? Kulipira kuti ndikhale pamalo panga? Ndangowayang'ana, n'kubwerera wapansi.

Mukukumbuka Lamulungu lija titaweruka kutchalitchi, munandikweza n'kutsata njira ya m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwi? Munkapalasa pang'onopang'ono mpaka amayi ochokera kochapa anatipitirira, mabeseni ali pamutu, akutiseka. Nditakufunsani ngati matayala aphwa, munati, "Mayi a Tadala, tikuthamangira kuti? Onani madziwa, nawonso akuyenda mwa phee." Tinaima pamchenga, munanditsuka fumbi kumapazi, n'kunena kuti katsamiroko n'kanga ndekha, ngakhale abusa atapempha ayenda pansi. Ndiye musaganize kuti ndakwiyira abale anu okha ayi, inunso ndakukwiyirani. Tadala akulemba mayeso chaka chino, ndipo palibe womuperekeza. Munanena nokha kuti palibe kothamangira. Nanga inuyo munathamangira chiyani?